Njinga yokana kutsika

Ndine munthu wamfupi, koma ndinagula njinga yamoto ya BMW R1200GS ya 2018 kwa mzungu wina wa ku Randburg, ku South Africa. Mpando wake uli masentimita 85 kuchokera pansi, ndipo njingayo imalemera makilogalamu oposa 240. Chimene chinkandipulumutsa ndi ma shock ake a Dynamic ESA. Sagwiridwa sipanala amenewa. Umangodina batani pa handulo, kamota kakang'ono n'kupanikiza kapena kumasula sipuling'i ya kumbuyo. Pali Min, Auto ndi Max. Ine ndinali munthu wa Min, imene imatsitsa njinga kwambiri, zala za kumapazi zikungokhudza phula mwaulemu.

Shock ya kumbuyo itayamba kudontha mafuta, ndinapeza ina ya kaunjika, makanika wina n'kundiikira. Iye anati ntchito sinathe: kompyuta ya njinga iyenera kuphunzitsidwanso, kuti masensa ake adziwe pamene shock yatambasuka kotheratu ndi pamene kamota kamalekezera. Mtengo umene anatchula unandiumitsa kukhosi.

Apa m'pamene analowererapo alamu anga.

"Alamu, ndalama zimenezo tumizani kumudzi akagule feteleza. Mnzanga ali ndi GS-911."

Kameneka ndi kabokosi kopangidwa konkuno ku South Africa. Umakalumikiza pansi pa mpando, iko n'kumalankhula ndi laputopu. Loweruka tinaimika njinga pa sitandi ya pakati. Laputopu inati matayala onse awiri akhale m'malere, opanda cholemera chilichonse. La kumbuyo linali m'mwamba kale, la kutsogolo lili pansi. Anthu anzeru amaika jeke kunsi kwa injini. Ife jeke tinalibe, tinali ndi alamu, ndipo alamu anga nsima saikana.

"Ndikhala kumbuyoku, kutsogolo kudzuka kokha."

Kunadzukadi, kungoti tayala la kumbuyo ndi limene linatsikira pansi. Ndinadina. Kamota kanayamba kung'ung'udza, alamu n'kumva chinthu chikuwanyamula pang'onopang'ono kuchokera kunsi.

"Mayo! Alamu, chili moyo ichi!"

Analumpha, mwendo n'kukola chingwe, kabokosi uko! Ntchito inadukira pomwepo, sipuling'i itapanikizidwa mpaka pamapeto. Pasikilini panayaka nyali yachikasu. Ndinadina batani la Min mpaka chala kuwawa, njinga ili zii. Mwini kabokosi anabwera kudzatenga katundu wake, anakayang'ana pamene kanakalika, ndipo anachoka osatsanzika.

M'mawa mwake linali Lamulungu. Mayi a kunyumba anali atasita kale yunifolomu ya kwaya, ndipo za minibasi sanafune kumva. Ndinakwera njinga nditaponda pa njerwa, iwo anakwera ataponda pa chidebe. Kunena zoona, pamsewu inkayenda bwino, ngakhale kuti bampu iliyonse inkafika m'mano. Vuto linali kuima. Loboti ikafiira patsogolo, ndinkayamba kukwawa kutali kwambiri, oyendetsa ma taxi akuliza mahutala ndi kunditchula mayina a Chizulu amene sindingawalembe pano.

Titafika pa tchalitchi ndinatambasula mwendo. Pansi palibe. Ndinawonjezera moto n'kudutsa.

"Abambo, tchalitchi mwachipitirira."

"Ndikufuna malo abwino oimika."

Tinazungulira. Akuluampingo amene anaima pageti anatikwezera manja, ife tinawabwezera moni n'kudutsanso. Ulendo wotsatira ana a Sande sukulu anali atandanda pampanda akuwomba m'manja. Mayi a kunyumba anasiya kundiyankhula, anayamba kuyankhula ndi Mulungu mwachindunji.

Kenaka ndinaona kamulu ka mchenga pamene akumanga holo ya mpingo. Ndinati apa phazi lifika. Linafikadi, koma mchenga sunali pa mgwirizano umenewu. Phazi linamira, njinga n'kuyamba kupendekeka mwapang'onopang'ono kwambiri, moti mayi a kunyumba anapeza nthawi yotsika, kukonza duku ndi kuima pambali ngati mlendo wongodutsa. Ine ndinagona chammbali, suti yonse mchenga, hutala ikulira chifukwa chigongono chinaitsamira.

Anandidzutsa ndi amuna a kwaya. Lolemba njinga inapita kwa makanika uja pa galimoto ya pikapu, ndipo ntchito yomwe ija anaimaliza ine ndisanamalize tiyi amene anandipatsa. Pa mtengo wake anawonjezerapo wa galasi losweka.

Alamu akuti vuto linali laputopu, ndipo ati akudziwa munthu wina amene ali ndi yamphamvu.