Mawu amodzi a pa khadi anandidyera miyezi inayi

Zotsatira za OET, mayeso a Chingerezi a anthu ogwira ntchito zachipatala, zafika Lachisanu, ndipo gawo loyankhula ndapeza B. Mtima wakhala pansi, koma mkwiyo sunathe, ndiye ndilembe zikadali zotentha, mwina namwino wina angapulumutse ndalama zake.

Za kulembetsa sindinena, aliyense amadziwa. Chofunika ndi chakuti bungwe la NMC, limene limalembetsa anamwino kuno ku Britain, limafuna B pa kumvetsera, kuwerenga ndi kuyankhula, kutanthauza mapointi 350 kupita m'mwamba, pomwe pa kulemba C+ imakwana. Ulendo woyamba ndinakhoza zitatu. Kuyankhula ndinapeza 330, ine amene ndagwira ntchito mu wodi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo sukulu yonse ndinaphunzira m'Chingerezi.

Pa gawo limenelo amakupatsa khadi. Iwe ndiwe namwino, munthu wakhala patsogolo pakoyo ndi wodwala kapena womudikirira. Mphindi zitatu zokonzekera, pafupifupi zisanu zokambirana, ndipo masewero ake ndi awiri. Pa khadi pamakhala mndandanda wa zoti uchite, ndipo mawu amene ndinkakumana nawo kawirikawiri ndi reassure, kutanthauza kulimbitsa mtima. Ine ndinkati ndikawaona, ndimamuyang'ana wodwalayo n'kunena kuti "I reassure you that everything will be fine." Basi, n'kudumphira pa mfundo yotsatira, ndili wokhutira kuti ndachonga.

Anamwino anzanga, mawu amenewo sanenedwa kwa wodwala. Amachitidwa.

Chimene chimandipweteka ndi chakuti ndinalipira munthu woti andiuze zimenezi. Mphunzitsi wina wa pa intaneti, amene anzanga pa WhatsApp ankamutama, anandilipiritsa ndalama ya mashifiti awiri a usiku. Maphunziro asanu ndi limodzi, ndikumuyankhulira chiganizo chomwecho, iye n'kumangoti ndikuchita bwino. Loweruka lina ndinapempha tchuthi kuntchito kuti tiyeserere mayeso onse, ndinakhala pa kompyuta kuyambira 9 koloko mpaka masana, osabwera. Uthenga unafika madzulo woti anali ndi alendo. Tsiku limenelo ndinaluza malipiro, ndinaluza phunziro, ndipo ndalama sanabweze. Chimene anandisiyira ndi pepala la ziganizo zoloweza, ndipo "I reassure you" inali pa nambala 4.

Amene anandimasula ndi mayi wina wa ku Chipata, namwino wamkulu pa nyumba yosamalira okalamba imene ndimagwirako. Tili pa tiyi ndinawayeserera khadi limodzi. Anandiimitsa pakati. "Asisi, kwanu munthu akabwera akunjenjemera kuopa opaleshoni, mumamuuza kuti ndikukulimbitsani mtima?" Ndinati ayi amama, ndimamufunsa chimene akuopa. "Nanga bwanji mukafika pa Chingerezi mukusiya unamwino wanu pakhomo?"

Pamenepo m'pamene ndinamva. Kulimbitsa mtima ndi dzina la ntchitoyo, ngati mmene khadi lingalembere kuti fotokozera kapena funsa. Ntchito yake ndi iyi: umve kaye nkhawa, uivomereze, kenako upereke chinthu choona chimene munthuyo angagwire. Ngati akuopa kudzibaya insulin, umamuuza kuti "It's completely normal to feel nervous about this," n'kumufotokozera kuti singano yake ndi yaifupi komanso yopyapyala, ndipo muyeserera limodzi mpaka azolowere. Mawu oti reassure sanatuluke pakamwa pako, koma wachita. Ndipo zoti "everything will be fine" zisiyeni. Ndi lonjezo limene namwino alibe mphamvu yolisunga, ndipo wodwala amamva kuti ukufuna kumutseka pakamwa.

Ndaiwala kunena kuti chisokonezo changa chinayamba kale, pa gawo lolemba. Pali mawu anayi ofanana ngati ana a mimba imodzi. Assure ndi kutsimikizira munthu, ndipo amafuna munthuyo atsatire pomwepo: "I can assure you that your records are confidential." Amenewa ukhoza kuwanena pamaso pa wodwala, ndiye n'chifukwa chake ndinkaganiza kuti reassure amayendanso chimodzimodzi. Ensure ndi kuonetsetsa kuti chinthu chachitika, ndipo ndi amene umafuna m'kalata yotumiza wodwala kwa namwino wina: "Please ensure that the dressing is changed daily." Ine ndinkalemba "please assure that," mphunzitsi uja osakonza. Insure ndi za inshulansi, m'wodi simudzawafuna. Reassure amabwera pokhapokha munthu ali kale ndi mantha, ndipo malo ake enieni ndi pofotokoza zimene zachitika: mu lipoti umalemba kuti "patient was anxious and was reassured," kapena pouza mnzako posinthana shifiti kuti "I reassured her about the scan."

Mayi aja anandiuzanso kuti ndizitchera khutu madokotala ndi manesi a kuno akamayankhula ndi okalamba athu. Ndinatero milungu itatu, ndikulemba m'kabuku. Sindinamve ndi mmodzi yemwe akuuza wodwala kuti "I reassure you." Ndinkamva mafunso, kenako kachetechete, kenako mfundo imodzi yoona.

Ulendo wachiwiri ndinalipiranso ndalama yonse ya mayeso, ndipo nthawi yonseyo ndinali kugwirabe ngati wosamalira okalamba, malipiro otsika, satifiketi ya unamwino ili m'sutikesi. Khadi loyamba linali la bambo amene mwana wake wagonekedwa ndi mphumu. Nditaona reassure ndinalemba pambali pake ndi pensulo kuti "funsa kaye." Ndinamufunsa chimene chikumudetsa nkhawa kwambiri, ndipo ndinadikira mpaka amalize.

Mukaona mawuwo pa khadi, musawawerengere wodwala. Ndipo musanalipire mphunzitsi aliyense, muyankhulireni chiganizo changa chija, muone ngati akuimitseni. Ine tsopano kwatsala OSCE, mayeso oonetsa ntchito ya unamwino pamaso pa oyesa, ndipo amama a ku Chipata avomera kukhala wodwala wanga Lamlungu likubwerali.