Zomwe ndaphunzira pa malamulo a ku America oteteza ana osadziwa Chingerezi m'sukulu

M'maphunziro anga a zauphunzitsi teremu ino takhala tikuunika malamulo a boma lalikulu la America okhudza aphunzitsi a ana amene akuphunzira kumene Chingerezi. Ana otere alipo oposa 5 miliyoni, kutanthauza mwana mmodzi mwa ana khumi alionse m'sukulu za boma. Chimene chandikhudza kwambiri n'chakuti malamulowa sauza mphunzitsi njira yophunzitsira, koma amafuna umboni wakuti mwanayo akupitadi patsogolo.

Gwero lake ndi mlandu wa Lau v. Nichols wa mu 1974, wochokera ku San Francisco, kumene ana pafupifupi 1,800 a makolo achitchaina ankakhala m'kalasi tsiku lonse popanda wowathandiza kumva Chingerezi. Bwalo lalikulu la milandu, potsamira pa lamulo loletsa tsankho la Civil Rights Act la mu 1964, linagamula kuti kupatsa ana onse mabuku ndi aphunzitsi ofanana si chilungamo ngati ena mwa iwo sakumva chilankhulo chophunzitsiracho. Chaka chomwecho nyumba ya malamulo inakhazikitsa Equal Educational Opportunities Act, lomwe limalamula sukulu kuchitapo kanthu pa vuto la chilankhulo.

Komabe mlandu umene ndaima nawo nthawi yaitali ndi wa Castañeda v. Pickard wa mu 1981, wochokera ku Texas. Bwalo la apilo linati ndondomeko yothandizira anawa iyenera kukhazikika pa mfundo zomwe akatswiri a maphunziro amazivomereza, iyenera kukhala ndi aphunzitsi ndi zipangizo zokwanira, ndipo ikaoneka kuti sikubala zipatso iyenera kusinthidwa. Kwa ine mfundo yachiwiriyo ndiyo mutu wa nkhani, chifukwa ndondomeko yolembedwa bwino ilibe phindu ngati woima kutsogolo kwa kalasi sanasulidwe pa ntchitoyo. Ndipo udindowu sugwera mphunzitsi wa Chingerezi yekha, popeza mwanayo amayenera kumvanso masamu ndi sayansi pomwe akulimbana ndi chilankhulo chatsopano.

Lamulo la Every Student Succeeds Act la mu 2015 ndilo limaonekera pa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Polembetsa mwana, makolo amadzaza fomu yofunsa chilankhulo cha kunyumba, kotero banja la ku Malawi likalemba kuti Chichewa, mwanayo angathe kuyesedwa Chingerezi, ndipo zimenezi ziyenera kuchitika pasanathe masiku 30. Akapezeka kuti akufunika thandizo, makolo amadziwitsidwa m'chilankhulo chomwe angamve ngati n'kotheka, ndipo chaka chilichonse mwanayo amayesedwa pa kumva, kulankhula, kuwerenga ndi kulemba. M'zigawo zambiri mayesowa ndi a WIDA ACCESS.

Makolo ali ndi ufulu wokana kuti mwana wawo alowe m'makalasi apadera, koma kukanako sikumasula sukulu pa udindo wake: mwanayo amayesedwabe chaka ndi chaka, ndipo mphunzitsi wa m'kalasi mwake amayenerabe kumuthandiza. Ngakhale atakhoza n'kutuluka m'ndondomekoyi, zotsatira zake zimalondolozedwa kwa zaka zinayi, pofuna kutsimikiza kuti sanatulutsidwe msanga asanakhwime.