p16 inandigonetsa mochedwa sabata ino

Sabata yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi khansa ya kumutu ndi khosi, makamaka mbali ya ma vayirasi, ndipo chomwe chinandizunguza mutu kwambiri ndi kapuloteni kamodzi kotchedwa p16. Chaka chatha tinaloweza kuti p16 ndi buleki ya selo, imaletsa selo kugawikana mwachisawawa. Ndiye Lachiwiri ku labu atationetsa slide (kagalasi koonera pa maikulosikopu) ya chotupa cha pa tonsil, yonse ili bulawuni chifukwa p16 yadzaza thoo, aphunzitsi nkunena kuti chimenechi ndiye chizindikiro choti khansayi yabwera ndi kachilombo ka HPV, ine ndinangoti kakasi. Buleki ichuluka bwanji galimoto ili pa liwiro?

Ndinadzamvetsa usiku nditayamba kujambula mivi papepala. HPV ndi kachilombo kakang'ono zedi, DNA yake ndi yozungulira, zilembo pafupifupi 8,000 basi, koma kali ndi ma jini awiri ovuta, E6 ndi E7. Mu selo yabwinobwino muli puloteni ya pRb yomwe imakhala itagwira puloteni ina, E2F, kuti asayatse ma jini okopera DNA nthawi isanakwane. p16 payokha siimitsa chilichonse, iyo imangotsekereza CDK4 ndi CDK6, mapuloteni omwe amapangitsa pRb kutaya E2F, kuti pRb apitilize kugwira. Ndiye E7 ikabwera imamata pa pRb mpaka awonongedwe, E2F nkumasuka, selo poona kuti zinthu zalakwika imapanga p16 yambirimbiri koma woti amvere, pRb uja, palibe. Ndinaganiza za kondakitala wa minibasi akumenya denga kuti dalaivala aime pa siteji, akumenya mobwerezabwereza, pomwe mpando wa dalaivala ulibe munthu. Phokoso la dengalo ndi bulawuni uja tinaona pa slide.

E6 nayo ili ndi yake. Imagwirizana ndi puloteni ya selo yomweyo, E6AP, nkupachika kachizindikiro kotchedwa ubiquitin pa p53, puloteni yomwe imaimitsa kapena kupha selo yowonongeka, ndiye p53 amakagayidwa ku proteasome, chigayo cha mapuloteni mu selo, ngati zinyalala. Apa ndi pomwe ndinaimika cholembera. Jini ya TP53, yomwe imapanga p53, mu zotupa zambiri za HPV ili bwinobwino, sinathyoke, selo ikupangabe p53 koma akangopangidwa akuphwanyidwa. Yerekezani ndi khansa ya munthu yemwe wasuta fodya ndi kumwa mowa zaka zambiri, kumeneko TP53 yeniyeniyo imapezeka yasintha mu zotupa zambiri ndipo jini ya p16, yomwe dzina lake ndi CDKN2A, nthawi zambiri imakhala yachotsedwa kapena yatsekedwa. Pakhosi pomwepo, dzina la khansa lomwelo, koma mkati mwa selo nkhani ziwiri zosiyana. Fodya amathyola loko, kachilombo kamangoba makiyi.

Ndipo si zongolemba pa mayeso ayi. Kafukufuku wa Ang ndi anzake wa 2010 anapeza kuti patatha zaka zitatu odwala 82 pa 100 a zotupa za HPV anali moyo, pomwe kwa a zotupa zopanda HPV anali 57 pa 100. Zotupazi zimamva radiation bwino, mpaka AJCC, bungwe la ku America lomwe limakonza ma stage a khansa, mu kope la nambala 8 la buku lake inazipatsa kawerengedwe kake ka ma stage. Mtundu wa HPV womwe umapezeka kwambiri ndi HPV16, pafupifupi 90 pa 100 ya khansa za HPV za pa tonsil ndi tsinde la lilime, womwewo Harald zur Hausen ndi gulu lake anaupeza mu 1983 mu khansa ya khomo la chiberekero, iye nkudzalandira Nobel mu 2008. Kuno tikamva HPV timangoganiza za amayi ndi katemera uja anayamba kubaya atsikana a zaka 9 mu 2019, sindinkaganiza nkomwe kuti kumayiko ngati America khansa yapakhosiyi ikugwira kwambiri abambo.

Vayirasi ina, EBV, ndangoiwerenga mothamanga, ndivomere. Ndi kachilombo komwe Epstein, Achong ndi Barr anakaona mu 1964 mu maselo a Burkitt lymphoma, khansa ija imatupitsa nsagwada za ana kuno kwathu. Kummwera kwa China kamayambitsa khansa ya kuseri kwa mphuno, ndipo puloteni yake LMP1 imayatsa NF-kB (puloteni yoyatsa ma jini) nkuchulukitsa ma DNMT, mapuloteni omwe amamata kachizindikiro ka methyl pa ma promoter (poyatsira ma jini), ma jini ngati wa E-cadherin, yomwe imamatitsa maselo pamodzi, nkukhala chete maselo nkuyamba kulekana. Zilembo za DNA sizinasinthe koma jini yatsekedwa pakamwa. Kachitidwe ndi komweko ka HPV basi, kuba makiyi osathyola loko.

Lachisanu ku gulu lathu lowerengera ndinafotokoza za minibasi ija monyadira, mnzanga wina nkundidula kuti "ndiye iwe p16 ikapezeka basi wamaliza, ndi HPV?" Ndinati eya. Anandiseka. Zotupa zina zimakhala ndi p16 yambiri popanda kachilomboko, ndipo kunja kwa oropharynx (dera la pakhosi lomwe kuli tonsil ndi tsinde la lilime), monga pa lilime lakutsogolo kapena pa kholingo, siyodalirika, pamafunika njira zina zoyezera, PCR kapena in situ hybridisation, kuti uone DNA kapena RNA ya HPV yeniyeniyo. Ndabwerera ku pepala langa lija, pansi pa kondakitala ndalemba ndi cholembera chofiira kuti nthawi zina amamenya denga pa zifukwa zina. E2, jini ina ya HPV, ndi nkhani yolowa kwa DNA ya kachilombo mu chromosome ndaisiyira Lolemba.