Boti la botolo linakwera mphepo Lachisanu

Mwera wa chaka chino unatipeza ku Kasungu kuno tili pa mutu wa mphamvu zokankha ndi zokoka, Fizikisi ya Fomu 3. Lolemba m'mawa, fumbi likulowa pa windo, mtsikana wina amene kwawo ndi ku Nkhotakota anakweza mkono. "Aphunzitsi, agogo anga amati ngalawa ya thanga imatha kupita kumene mphepo ikuchokera. Zimatheka bwanji?" Anyamata a kumbuyo anaseka. Ambiri a iwo nyanja sanaionepo, amadziwa ngolo ndi zigafa za fodya. Zimene ndinakonza tsikulo ndinaziika pambali.

Lachiwiri tinapanga maboti a mabotolo apulasitiki, mlongoti wa bango, thanga la jumbo ya shuga. Magetsi anali atazima, ndiye mphepo tinkaikupiza ndi lichero. Titawaika m'bafa lochapira, onse anangoyenda chammbali ngati nkhanu. Oseka aja anasekanso.

Chimene chinkasowa chinali pansi pa madzi. Lachitatu tinamangirira kachidutswa ka lata kumimba kwa botolo lililonse, choimirira ngati chipsepse cha chambo. Apa mpamene pagona nkhani yonse. Thanga likafufuma, limakhotetsa mphepo yodutsa, ndipo mphepoyo imalikankhira kwambiri cham'mbali, pang'ono chabe kutsogolo. Lata lija limakana kuti boti litsetserekere m'mbali, koma kutsogolo limang'amba madzi mosavuta. Mphamvu yotsalayo ndi imene imayendetsa boti. Ndinagawa nthanga za maungu zonyowa, aliyense afinye ndi zala ziwiri. Zinathawira kutsogolo, ngakhale zala zinkapana m'mbali. Kalasi inakhala chete kaye, kenako phokoso. Ndinawauzanso kuti kulunjika mphepo ndendende sikutheka; boti wamba limaipingasa ndi madigiri pafupifupi 45, kenako n'kutembenukira mbali inayo, monga mmene wanjinga wonyamula matumba amakwerera chitunda mokhotakhota.

Lachinayi foni yanga inazungulira kalasi yonse. Anaona maboti a mpikisano wa America's Cup ku Barcelona mu 2024, kumene New Zealand inagonjetsa Britain 7 kwa 2, akuuluka pamwamba pa madzi atatsamira timapiko. Chimene anakana kukhulupirira ndi cha Paul Larsen, amene mu 2012 ku Walvis Bay ku Namibia anathamanga makilomita 121 pa ola ndi boti la thanga, mphepo yake isakufika ndi theka lomwe la liwirolo. Mnyamata wina wa ku Wimbe ndi amene anagwira mfundo msanga: mapiko a makina a mphepo a William Kamkwamba nawonso amayenda mopingasa mphepo, n'chifukwa chake nsonga zake zimatha kuiposa liwiro. Zimandiwawa kuti pa nyanja yathu yomweyi pamachitika mpikisano wa maboti a mathanga nyengo ya mwera, kuchokera ku Mangochi kulowera kumpoto, koma ana athu ngakhale kumva sanamvepo.

Lachisanu masana tinatsikira ku dziwe la kudimba. Maboti anayi anagubuduka, lachisanu linakodwa m'mabango. La mtsikana uja, limene analithira mchenga pang'ono kuti lilemere, linanyamuka mwakachetechete, n'kukafika tsidya lina patsogolo pa pamene linayambira, kumene mwera unkachokera. Anavula nsapato, analowa m'matope kukalitenga, n'kundipempha kuti apite nalo kwa agogo ake pa holide.