Zikomo kwa amene anatiphunzitsa kujambula chinthu mbali zitatu

Ife ophunzira a technical drawing pa sukulu yathu ya ntchito zamanja muno mu Lilongwe tamaliza gawo la orthographic projection, lomwe ndi kujambula chinthu chimodzi pa zithunzi zitatu zoonetsa kutsogolo, pamwamba ndi m'mbali mwake, ndipo tisanabalalike tati tithokoze poyera.

Tiyambe ndi inu aphunzitsi athu. Munakana kutikhazika pa kompyuta tisanazolowere bolodi, T-square (rula yooneka ngati chilembo T) ndi ma set square (marula a ngodya zitatu) awiri aja, wa madigiri 45 ndi wa 30 ndi 60. Munatiphunzitsa kumata pepala la A3, la mamilimita 297 ndi 420, ndi tepi m'makona osati ndi mapini, chifukwa pini imaboola bolodi ndipo T-square imakodwapo. Munkabwereza kuti mutu wa T-square uzitsamira m'mphepete mwa bolodi nthawi zonse, poti ukangosiyana nalo pang'ono mizere yopingasa imapendekera, zithunzi zitatu zija n'kusiya kugwirizana.

Chimene tikuthokoza kwambiri ndi mmene munaumirira pa kusiyana kwa first angle ndi third angle, njira ziwiri zoyalira zithunzizo papepala. Mu first angle, imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Ulaya, plan (chithunzi cha chinthu ukachiona kuchokera pamwamba) imakhala pansi pa front view (chithunzi cha kutsogolo), ndipo zimene ukuona ukaima kumanzere kwa chinthu umazijambula kumanja. Mu third angle, yofala ku America ndi ku Canada, plan imakwera pamwamba, ndipo zakumanja zimakhala kumanja komweko. Njira zonse ziwiri n'zolondola. Vuto limabwera wojambula akagwiritsa ntchito ina, mmisiri n'kuwerenga ngati inzake: bulaketi imatuluka yotembenuka, bowo lofunika kumanzere lili kumanja, chitsulo chawonongeka. N'chifukwa chake simunkalandira pepala lopanda chizindikiro choonetsa njira imene yagwiritsidwa ntchito mu title block (kabokosi ka pakona ya pepala kolembamo dzina ndi zina zokhudza chojambulacho), kachithunzi ka cone yodulidwa nsonga kaja. Pamenepa munachita bwino kusatinyengerera.

Zikomonso chifukwa cha dongosolo la kajambulidwe. Sankha front view kuchokera ku mbali imene ikuonetsa maonekedwe ambiri a chinthucho. Yamba ndi mizere yopepuka ya pensulo ya 2H, utsitse m'lifupi kuchokera ku front view kupita ku plan, kenako ujambule mzere wa madigiri 45 pa ngodya kuti kuya kwa chinthu kuchoke pa plan kufike pa end view (chithunzi cha m'mbali) osayezanso ndi rula. Kuyeza kawiri ndiko kumabweretsa kusiyana kwa milimita imodzi kumene kumasokoneza zonse. Ukatsimikiza, ndipamene umadetsa m'mphepete mooneka ndi HB. Zobisika, monga bowo lodutsa m'kati, zimajambulidwa ndi mizere yodukizadukiza, ndipo bowo lililonse lozungulira limafuna mzere wake wapakati, wa kamzere katali ndi kakafupi mosinthana.

Pa miyeso munatiuza zinthu zimene anthu amapeputsa. Muyeso uliwonse ulembedwe kamodzi kokha, pa chithunzi chimene ukuonekera bwino. Ngakhale scale ikhale 1:2, kutanthauza kuti chithunzi ndi theka la chinthucho, nambala yolembedwa ndi kukula kwenikweni kwa chinthucho m'mamilimita. Ø ndi diameter, kukula kwa bowo kuchokera mbali ina kufika mbali ina kudutsa pakati, R ndi radius, theka la diameter. Ukasokoneza ziwirizi, bowo limakula kapena kuchepa kawiri.

Kwa inu amisiri a ku Mchesi, akalipentala ndi owotcherera, amene munkasiya ntchito yanu n'kuwerenga mapepala athu, zikomo kwambiri bambo athu. Funso lanu lija loti "nanga apa ndiyeze kuchokera pati?" linkaulula msanga muyeso wosowa, ndipo linatizoloweza kuyeza mabowo onse kuchokera m'mphepete umodzi m'malo molumikiza miyeso motsatizana, kumene zolakwa zing'onozing'ono zimaunjikana.

Makolo ndi otithandiza, munalipira fizi, munagula kampasi, ma divider ndi mapepala pa nthawi imene ndalama ikuvuta. Ambuye akubwezereni pamene pachoka. Teremu ikubwerayi tikulowa mu sectional views, zithunzi zoonetsa m'kati mwa chinthu ngati chadulidwa, ndipo aphunzitsi atipempha kuti aliyense abwere ndi set square yake ya 45, poti mizere ya hatching, yoonetsa malo amene adulidwa, imajambulidwa ndi imeneyo.