Loweruka ku Death Valley, tsiku loyenda ndi a renja

Tinanyamuka ku Las Vegas kusanache, ine, achemwali ndi mwana wawo. Pofika ku Furnace Creek, pa ofesi yolandirira alendo ya paki ya Death Valley, chigwa cha m'chipululu ku America, anthu anali kale pamzere kujambulitsa pa chikwangwani choonetsa katenthedwe. Lero sichinali choopsa poti muno ndi mu Febuluwale. Koma dera lomweli ndi limene linafika madigiri 56.7 pa 10 Julayi 1913. Ife a ku Nsanje timadzitama ndi dzuwa la Okutobala, apa ndinangoti chete.

Maulendo oyenda ndi a renja, anthu oyang'anira paki, amachitika nyengo yozizira ino, ndipo ukalipira polowa m'paki palibenso china cholipira. Tinasankha wa ku Golden Canyon.

A renja athu anali mayi wa chipewa chophwatalala chija. Asanatchule n'komwe za miyala, anayamba ayang'ana botolo la aliyense. Anati kuno munthu azimwa malita 4 pa tsiku, ndipo madzi akafika theka ubwerere, ngakhale kumene ukupita kukuoneka pafupi. Bambo wina amene anabwera ndi kabotolo kamodzi ka m'manja anabwerera ku galimoto mwamanyazi.

Titalowa pang'ono m'chigwacho anatiimika pa chibuma chakuda chimene chakakamira m'mbali mwa njira, pansi pake pokumbika. Ine ndinkayesa mwala. Anatiuza kuti tichigwire. Phula! Kale muno munkadutsa msewu wa tala, magalimoto n'kumalowa mpaka mkati. Mu Febuluwale 1976 kunagwa chimvula, madzi osefukira anaukokolola, anangosiyako zibenthu zimenezi. Malo amene pa chaka chonse amalandira mvula ya mamilimita 50 okha, koma chimene chasema makoma onsewa ndi madzi. Nthaka yake ndi youma gwa, ilibe udzu woti n'kuwagwira, ndiye akagwa kumapiri amatsika onse pamodzi atanyamula miyala. Anatilozeranso timizere tokhotakhota pa thanthwe lina lopendekeka, timafunde ta nyanja imene inaphwa kalekale. Ndikanakhala ndekha ndikanadutsa, maso ali pa foni. Kunena zoona, amene amangoima pa Zabriskie Point, malo okwera oonerapo chigwa, kujambula n'kumapita, amaona kukongola kokha.

Anatchulanso a Timbisha Shoshone, eni dera lino. Mudzi wawo ulipobe ku Furnace Creek komweko, ndipo lamulo lowabwezera gawo la malo awo linadza mu 2000. Dzina loti Death Valley, chigwa cha imfa, anapereka ndi alendo osaka golide amene anasochera muno mu 1849.

Masana tinathamangira ku Badwater, mamita 86 kunsi kwa mulingo wa nyanja, malo otsikitsitsa mu North America monse. Mchere mbee mpaka kutali. Mwana ananyambitako, nkhope n'kuchita tsinya. Sitinakhalitse, kunalibe mthunzi.

Chimene chinamugwira mtima ndi kabuku ka Junior Ranger, ka mafunso a ana okhudza paki. Tsiku lonse ankalembamo, kufunsa ine zinthu zimene mwini wake ankazidziwa kale. Titabwerera ku ofesi, a renja ena anaunika tsamba lililonse mosathamanga, anamukweza dzanja n'kumulumbiritsa kuti azisamala mapaki, kenako baji pachifuwa. Achemwali misozi inalengeza, ati ndi fumbi.

Madzulo kunali pulogalamu ya nyenyezi ku Harmony Borax Works. Podikira mdima tinamva za fakitaleyo: inagwira ntchito kuyambira 1883 mpaka 1888, anthu ochokera ku China ndiwo ankapala borax, mtundu wa mchere wogwiritsidwa ntchito pochapa, m'chigwamo, ndipo ngolo zokokedwa ndi nyulu 18 ndi akavalo 2 zinkayenda makilomita 266 kukatula ku njanji ya ku Mojave. M'chilimwe ntchito inkaima, chifukwa madzi owiritsirawo sankazizira mokwanira kuti borax aundane. Ngolozo zilipo, magudumu akumbuyo kutalika kuposa munthu. Matochi oyera anatiletsa, ati amachititsa khungu maso amene azolowera mdima. Ovomerezeka ndi ofiira okha. Pakiyi inazindikiridwa mu 2013 kuti ndi ya thambo lamdima, komabe kuwala kwa Las Vegas kunkaoneka pang'ono kum'mawa, ndipo a renja sanabise kuti kumawadetsa nkhawa.

Miyendo ikuwawa, ndipo petulo wa muno mtengo wake ndi wolira nawo. Mawa tilawirira ku milu ya mchenga ya Mesquite Flat mphepo isanafufute mapazi a nyama. Mwana akufuna a kangaroo rat, kakhoswe kamene kamatha kukhala moyo wake wonse osamwa madzi.