Mpamba wochokera kwa ena ndi bizinesi yongoyamba kumene ku Mulanje

Achinyamata ambiri kuno ku Mulanje amene akufuna kupanga juwisi kapena jamu wa zinanazi amakhulupirira kuti chowalepheretsa ndi kusowa bungwe lowapatsa mpamba. Ine ndimagwirizana nawo pang'ono chabe. Zoonadi pali ntchito zimene sizingayambe ndi ndalama za banki mkhonde: magetsi a kampani ya MEGA (Mulanje Electricity Generation Agency) ku Bondo, opangidwa ndi madzi a mtsinje wa Lichenya, anafunika thandizo la mabungwe monga Practical Action, chifukwa makina ndi mawaya amadya ndalama zambiri kasitomala asanalipire ngakhale tambala. Makina ogula kunja nawonso anakwera mtengo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023.

Komabe mpamba sugula msika. Wopanga jamu wopanda chiphaso cha Malawi Bureau of Standards amavutika kulowetsa katundu wake m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre, ndipo nyengo ya zinanazi ikatha makina amangokhala, pamene ngongole, kaya ndi ya bungwe la boma lobwereketsa ndalama kapena ya kubanki, ikufunika kubwezedwabe. Ndingakonde munthu ayambe wagulitsa mabotolo ochepa pa Chitakale ndi pa Limbuli, aone amene akubweranso kudzagula, kenako akapemphe ndalama zokulitsira ntchitoyo.